Ulere unandidyera laputopu pofuna kusunga nyimbo za mwana

Abale anga, sabata ino andale ndawapatsa tchuthi. Ndikufuna ndikuuzeni za kamtsikana ka zaka 11, kiyibodi ya kaunjika, komanso m'mene ine malume wake ndinapusira dzuwa likuswa mtengo. Ngati kunyumba kwanu kuli mwana amene zala zimamuyabwa akaona kiyibodi, khalani pansi mumve, mwina mupulumutsa ndalama zanu.

Mwanayu ndi wa achemwali anga a ku Chilomoni, ali Sitandade 6. Kiyibodi anayamba kuigwira kutchalitchi. Akuluakulu a kwaya akati apume, iye amazemba n'kumakadinadina. Woyimba kiyibodi wa kwayayo ataona kuti mwanayu ali ndi khutu, anayamba kumuonetsa pang'onopang'ono. Kenaka abambo ake aang'ono, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera pa Khirisimasi atanyamula Yamaha PSR-E363 ya makiyi 61, yogwirapo kale ntchito koma yolira bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munatha mtendere.

Tsono kiyibodi imeneyi imatha kusunga nyimbo zisanu zokha zimene munthu waimba. Ikadzaza, kuti usunge ina yatsopano uyenera kufufutapo imodzi. Loweruka lina nditapita kukadya nsima ya ulere kwa achemwali, monga mudziwa ntchito yathu ya utolankhani woyima pawekha, ndinapeza mwana ali pakhonde maso ali psuu.

"Iwe, wakumenya ndani?"

"Palibe amalume. Ndafufuta ya agogo."

Agogo akewo ndi mayi anga, anatisiya chaka chathachi. Mwanayu anali atapeka kanyimbo kopanda mawu kowakumbukira, ndipo pofuna kupeza malo a nyimbo ina anadina polakwika. Anayesa kukaimbanso koma pakati pake panali patamuthawa. Anandifunsa funso limene linandilasa: "Amalume, kodi palibe koti nyimbo zizikhala osathawa?"

Ndinamuyankha modzitama kuti kulipo, ndipo ine ndikonza. Pajatu kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ngakhale m'thumba mwake mukulira mphepo.

Alamu anga sanakondwe nazo. Ati, "Alamu, mwanayu kwatsala zaka ziwiri alembe mayeso a Sitandade 8. Zoimbaimbazi zinadyetsapo ndani? Mukamuikiranso pakompyuta ndiye mabuku awayiwaliratu." Achemwali anangoti zii, akuyang'ana pansi. Tinakambirana mpaka tiyi kuzizira, ndipo tinamangana chimodzi: ndimupezere pulogalamu yojambulira nyimbo pa laputopu yanga, azigwiritsa ntchito Loweruka ndi Lamulungu pokha, koma akangotsika m'kalasi, kiyibodi ikwera pamwamba pa wadiropu. Ndinavomera mwana akumvera kuseri kwa chitseko.

Apa ndi pamene ndinayamba kupusa. Aliyense amene ndinamufunsa, kaya m'minibasi kaya pa bawo, yankho linali limodzi: FL Studio. Ati maprodyusa onse ndi imeneyo, amapiano a ku South Africa ambiri amaphikidwa m'menemo. Sanali kunama ayi. Pulogalamu imeneyi ndi ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, inayamba ndi dzina loti FruityLoops kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, n'kusintha dzina mu 2003. Ndi yabwino zedi. Koma nditaona mtengo, thukuta linatuluka. Yotsikitsitsa ili cha m'ma madola 100 a ku America, ndipo yoti uzijambuliramo mawu a pakamwa bwinobwino ndi yokwera kuposa pamenepo. Inu mukudziwa kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo dola kuipeza kwake ndi kwa minyanga ya njovu. Ine wolipidwa pa nkhani imodziimodzi ndikanaitenga kuti?

Mnzanga wina anandiseka. Ati, "Amagula zimenezo ndani? Pita ku Limbe, anyamata oika nyimbo m'mafulashi akuikira pa mtengo wa chipisi." Ndinapitadi. Mnyamata wake anali waulemu, manja achangu. Ndinaona akuthimitsa kaye chitetezo cha kompyuta, ati chimasokoneza. Ine duu, kumangogwedeza mutu ngati ndikudziwa. Pa mphindi makumi awiri zonse zinatheka, ndinatuluka ndikuyenda ngati bwana.

Chikomekome cha mkuyu, abale. Patangotha masiku anayi laputopu inayamba kuyenda ngati nkhono. Kenaka masamba achilendo kumangotseguka okha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mafayilo anga anakana kutseguka. Wokonza makompyuta anandiuza mosapsatira kuti mwalowa vayirasi, ndipo njira ndi imodzi, kupukuta zonse n'kuyambiranso. M'menemo munali nkhani zitatu zimene ndinali ndisanatumize, ndi mawu a anthu amene ndinacheza nawo ku Mulanje nditakwera minibasi ya ngongole. Zonse zinapita. Mwezi umenewo lendi ndinalipira mochedwa, ndipo alandilodi anandiyankhula mawu amene sindingawalembe m'nyuzipepala.

Chimene chinandiwawa koposa si ndalama. Ine ndemwe ndalembapo kangapo za oyimba athu akudandaula kuti anthu akuwabera nyimbo, ndikutchula bungwe la COSOMA limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndikutchulanso lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Lero ndemwe ndinakaba ntchito ya anthu ena kuti ndiphunzitsire mwana amene mawa adzafune kuti nyimbo zake zisabedwe. Alamu atamva anangoti, "Ndinanena ine." Mawu awiri okha koma anandikwana.

Safunsa anadya phula. Ulendo wachiwiri ndinapita kwa mkulu wina amene ali ndi kasitudiyo kuseri kwa nyumba yake ku Ndirande, makoma omata matireyi a mazira. Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati, "Mphwanga, wayambira kumchira. Sufunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti. Umayamba wafunsa kuti mwanayo ali ndi chiyani m'manja, nanga akufuna kuchita chiyani."

Anandifunsa mafunso anayi. Kodi kiyibodiyo ili ndi polowetsa chingwe chopita ku kompyuta? Kodi makina amene mwana adzagwiritse ntchito ndi otani, laputopu ya Windows, foni ya Android, kapena za Apple? Kodi pakhomopo intaneti ilipo ya tsiku ndi tsiku kapena ndi ya bandulo yogula pakagwa ndalama? Nanga mwanayo akufuna kusunga zimene akuimba ndi zala, kapena akufuna kupanga mabiti ovinira?

Funso loyamba lija ndiye mutu wa nkhani. Anandiphunzitsa za chinthu chotchedwa MIDI, chimene makampani opanga zoimbira monga Roland, Yamaha ndi Sequential Circuits anagwirizana mu 1983 kuti zida zawo zizimvana. Chodabwitsa n'choti m'chingwe cha MIDI simudutsa kulira kwa nyimbo ayi. Mumadutsa uthenga chabe: wadina kiyi uti, wadina mwamphamvu bwanji, wadina liti, wasiya liti. Kiyi aliyense ali ndi nambala yake, C wapakati ndi 60, ndipo mphamvu ya kadinidwe imayezedwa mpaka 127. Kompyuta imalemba uthengawo ngati kalaliki. Ubwino wake ndi woti mwana akalakwitsa noti imodzi safunika kuyambiranso nyimbo yonse, amangoikoka n'kuiika pamalo pake. Zimene waimba ngati piyano angathe kuzisandutsa gitala, besi kapena malimba osagwiranso kiyibodi.

Tsono makolo, musanagule chilichonse tembenuzani kiyibodi ya mwana wanu muone kumbuyo. Mukapeza polembedwa kuti USB TO HOST, monga pa Yamaha yathuyi, mwapata. Chingwe chake ndi chomwe chija cha pulinta, chopezeka m'mashopu a zamakompyuta. Makiyibodi akalekale ali ndi kabowo kozungulira ka timapini tisanu kolembedwa MIDI OUT, amenewo amafuna chingwe china chosinthira ku USB. Koma chenjerani ndi timakiyibodi topanda dzina tija. Tina tili ndi polowetsa USB koma ndi pongoikapo fulashi yomvera nyimbo, kompyuta singamve kalikonse. Yesani musanapereke ndalama.

Atatha apo mkuluyo anayamba kundiyalira mapulogalamu ngati wogulitsa tomato.

Ati kwa mwana, yosavuta kuposa zonse ndi GarageBand. Kampani ya Apple inaitulutsa mu 2004, ndi yaulere, ili ndi zida zambiri zomveka bwino, ndipo mwana amaizolowera tsiku limodzi. Vuto lake ndi limodzi koma lalikulu: imagwira pa Mac, iPad ndi iPhone basi. Pa Windows kapena Android mulibe, ndipo mukaona wina akukuuzani kuti akuikirani GarageBand pa Windows, thawani, ndi mbuna ngati imene ndinagweramo ine. Ngati pakhomo pali iPad yakale imene wachibale anatumiza kuchokera kunja, musavutikenso, nkhani yathera pomwepo. Kwa achemwali kunalibe.

FL Studio ija, anandiuza zimene zinandichititsa manyazi: eni ake amalola munthu kuitenga ulere kuti aiyese, popanda malire a masiku. Umatha kupanga nyimbo n'kuitulutsa kuti anthu amve. Chimene sungathe ndi kutsegulanso ntchito imene unasunga mpaka utalipira. Kwa munthu wamkulu wofuna kuilawa, zili bwino. Koma kwa mwana amene analira chifukwa nyimbo inamuthawa, kumupatsa pulogalamu yokana kutsegula za dzulo kukanakhala kumutsina pachilonda. Anawonjezera kuti ukaigula kamodzi, zatsopano zonse zimene azitulutsa umalandira osalipiranso, choncho ndi ya kutsogolo, mwana akaonetsa kuti sizachibwana.

Ina ndi BandLab, ya kampani ya ku Singapore imene inayamba mu 2015. Imeneyi imagwira pa foni komanso pa kompyuta kudzera pa intaneti, ndipo zofunika zambiri ndi zaulere. Achinyamata ambiri akuikonda chifukwa foni yokha ikukwanira. Koma ine inandibweza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, imadalira intaneti, ndiye bandulo ikatha nyimbonso zaima. Chachiwiri, si situdiyo chabe, ndi bwalonso lochezerapo, anthu osawadziwa amatha kumva nyimbo zako n'kukulembera. Malamulo awo amafuna munthu wa zaka 13 kupita m'tsogolo. Wathuyu ali ndi 11, ndipo ndi mtsikana. Sindinafune kunamiza zaka zake kuti ndimulowetse pamsika ndekha n'kubwerera kunyumba.

Anatchulanso Reaper, imene iye amagwiritsa ntchito. Ndi yopepuka, amakulola kuiyesa masiku 60, ndipo chiphaso cha munthu wamba ndi madola 60. Koma anati kumupatsa mwana imeneyo kuli ngati kuphunzitsa munthu njinga pomukweza thiraki. Palinso MuseScore, yaulere, ya amene akufuna kulemba nyimbo pa mizere isanu ija kuti ena aziwerenga. Anati imeneyo tidzaiganizire mwana akayamba kuphunzira kuwerenga manoti.

Pomaliza anatchula ziwiri zimene tinatenga. Yoyamba ndi LMMS. Ndi yaulere yeniyeni, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo kuitenga pa tsamba la eni ake si kuba. Imagwira pa Windows, Linux ndi Mac, ndi yaing'ono moti bandulo ya tsiku limodzi inakwana, ndipo ukangoiika sifunanso intaneti. Maonekedwe ake amafanana ndi FL Studio, ili ndi pamene amati piano roll, pomwe manoti amaoneka ngati timizere tonga njerwa, choncho mwana akadzasamukira ku FL sadzakhala mlendo. Chofooka chake n'choti imene tinaikayo sijambula mawu a pakamwa. Pa chifukwa chimenechi tinaikanso Audacity, yaulerenso, imene inatuluka mu 2000 kuchokera kwa Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg a pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America. Imeneyo ndi yosiyana: imajambula mawu koma silemba zimene zala zikudina. Ndiye ziwirizi zili ngati mtondo ndi musi. Zoimbira amapangira mu LMMS, akatha amazitulutsa n'kukaimbirapo mawu mu Audacity.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Loweruka loyamba tinalumikiza chingwe, LMMS inaiona kiyibodi, ine n'kuwomba m'manja. Mwana anangoimba mizere iwiri n'kukwinya nkhope. "Amalume, ikuchedwa." Ine sindinkamva kusiyana kulikonse. Koma iye amati akadina, kulira kumabwera mochedwa pang'ono, ndipo zala zimasokonekera. Ndinaimbira foni mkulu wa ku Ndirande uja. Ati mwanayo akunena zoona, laputopu yotsika mphamvu imatenga kanthawi kuti isandutse uthenga uja kukhala kulira. Mankhwala ake anali osalira ndalama: pojambula titsitse voliyumu ya laputopu, mwana azimvera masipika a kiyibodi yomweyo, amene sachedwa. Akamaliza ndiye tikweze laputopu timve zimene yalemba. Zinatheka. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti pa awirife wa khutu ndi ndani.

Phunziro lina linabwera ndi kuthima kwa magetsi. Batire ya laputopu yanga ndi yokalamba, sipirira. Tsiku lina anaimba ola lathunthu osasunga, magetsi phethi, zonse zinapita. Pano lamulo ndi loti akamaliza chigawo chilichonse asunge, ndipo Lamulungu madzulo timakopera zonse pa fulashi imene imakhala m'chikwama cha mayi ake. Inenso nkhani zanga ndimatero tsopano. Ndinaphunzira mochedwa, koma ndinaphunzira.

Vuto lachitatu ndi limene makolo muyenera kuliyang'anira kwambiri. Patapita masabata angapo ndinaona kiyibodi ili pambali, mwana ali kalikiliki kuika manoti ndi mawusi. Anali atatulukira kuti kompyuta imatha kuwongola manoti onse kuti agwere pa nthawi yake, ndiye ankaona ngati kuyeserera ndi zala n'kutaya nthawi. Apa ndinaumitsa mutu. M'mera mpoyamba. Ndinamuuza kuti chilichonse chimene chili ndi makiyi aziimba ndi zala, mawusi ndi yokonzera zolakwika ndi kuika ng'oma basi. Ndipo laputopu sitsegulidwa asanayeserere theka la ola pa kiyibodi payokha. Anandikwiyira sabata yathunthu, moni amangoyankha wa kukhosi. Koma woyimba wa kwaya uja anandiyamika, ati kompyuta ikathima, chotsala ndi zala.

Nthawi zina ndikamuona atavala mahedifoni ndimaganiza za akuluakulu amene anatitsogolera. Kale woyimba amayenera kukafola ku situdiyo za wailesi ya MBC kuti mawu ake ajambulidwe. M'zaka za m'ma 1990 ambiri amakwera basi kupita ku Balaka, ku situdiyo ya a Paul Banda a Alleluya Band. Lero mwana wa Sitandade 6 ali ndi zida zochuluka pa tebulo lodyera nsima, pa mtengo wa chingwe cha pulinta. Chimene sichinasinthe n'choti pamafunikabe munthu wamkulu womukhalira pafupi. Amene muli ku Lilongwe muli ndi mwayi wa sukulu ya zoimba ya Music Crossroads ku Area 23. Enafe tizidalira oyimba a m'makwaya ndi a timasitudiyo ta m'makwalala, ndipo ambiri mwa iwo sakaniza nzeru ukawafika mwaulemu.

Nanga nyimbo ya agogo ija? Anailimbana nayo mwezi wathunthu. Poyambira ndi pomalizira anapakumbukira, koma pakati paja sipanabwererenso, anapeka pena. Anaika piyano, besi yofatsa, ndi kachitoliro kamene kamalowa kumapeto. Tsiku lotsekera sukulu anabwera ndi lipoti lake, sanatsike, anakwera ndi malo awiri. Madzulo ake analumikiza laputopu ku wailesi ya pabalaza n'kuitana makolo ake.

Achemwali sanathe kuimvera yonse, anatuluka kupita kukhitchini ati ndiwo zikupserera, chonsecho pamoto panalibe kanthu. Alamu anakhala chete manja ali pachibwano. Itatha anafunsa, "Zonsezi waimba wekha?"

"Eya adadi. Ng'oma zokha ndi za mukompyuta."

Anakhalanso chete, kenaka anati, "Tabwerezanso." Sananene kuti analakwa, ndipo ine sindinawafunse. Koma sabata yotsatira ndinapeza kiyibodi ili pa katebulo katsopano kamene anakhomesa kwa kalipentala, m'malo mwa mpando wa pulasitiki umene inkakhalapo. Pangano lathu likadalipo, mayeso a Sitandade 8 akubwera, ndipo wadiropu sinachoke.

Mwanayo anandifunsa ngati agogo akanaizindikira nyimboyo popeza pakati pasintha. Ndinamuuza kuti agogo ake ankasintha nyimbo iliyonse akamatsuka mbale, sakanadandaula.

Tsono inu amene mwana wanu akukuvutitsani, musathamangire dzina lotchuka ngati ine. Onani kumbuyo kwa kiyibodi, onani makina amene muli nawo kale, werengani za bandulo ndi zaka za mwana, kenaka yambani ndi yaulere yochokera kwa eni ake. Akaitopetsa yekha, mudzadziwa kuti yogula ija ndalama yake siipita m'madzi. Ine ndayamba kale kuponya pang'onopang'ono m'kachitini, ndipo ndamuuza kuti akadzakhoza mayeso, FL Studio yake idzakhala ya risiti. Ku Limbe kuja ndimadutsako ndithu, mnyamata uja amandipatsa moni, inenso ndimayankha. Koma laputopu imakhala m'chikwama, zipi ali chitsekere.